Tsiku limodzi pa phiri la Mulanje: kukaona kumene madzi athu amachokera

[Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono]

MUULUTSI: Yakwananso nthawi ija yoti tikambirane za chilengedwe ndi malo okongola a dziko lathu.

Ndiyambe ndi funso. Mukatsegula mpopi m'mawa, madzi aja amakhala atachokera kuti? Ambiri muyankha kuti ku Walker's Ferry, mumtsinje wa Shire, ndipo mwakhoza, chifukwa madzi ambiri a mumzinda uno wa Blantyre amapopedwa kumeneko. Koma inu a ku Bangwe ndi madera ena a ku Limbe, dziwani kuti ena mwa madzi anu amatsika kuchokera m'phiri la Mulanje. Bungwe la Blantyre Water Board linayala mapaipi kuchokera mumtsinje wa Likhubula mpaka ku Nguludi, kumene kuli malo oyeretsera madzi okwana malita 20 miliyoni pa tsiku. Choncho mwana wa ku Bangwe amene sanapondepo ku Mulanje amamwa madzi a phirilo.

Lero ndikufuna tiwalondole madzi amenewa mpaka kumene amachokera. Ndi ulendo wa tsiku limodzi: kunyamuka kusanache, kukwera phiri, n'kudzagona m'nyumba mwathu momwemuno. Ine ndinauyenda ulendowu pamodzi ndi anzanga, ndipo ndikuuzani zimene ndinaona ndi zimene muyenera kudziwa musananyamuke.

Tisanakwere galimoto, tiwongole kanthu kena kamene ambiri timasokoneza. Malo onse otetezedwa timangowatcha paki, koma amasiyana. Dziko lino lili ndi mapaki 5: Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi Lake Malawi. Lilinso ndi nkhalango 4 zosungirako nyama zakutchire: Majete, Nkhotakota, Mwabvi ndi Vwaza. Phiri la Mulanje silili m'magulu awiriwa. Ilo ndi nkhalango yotetezedwa imene imayang'aniridwa ndi nthambi ya zankhalango, ndipo lakhala lotetezedwa chotero kuyambira 1927. Mu 2000 bungwe la UNESCO linalivomereza ngati malo ofunika pa zachilengedwe, ndipo mu Julaye 2025 linalilemba m'kaundula wa malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi. Ndi malo achitatu m'Malawi kulandira ulemu umenewu, kutsatira paki ya Lake Malawi mu 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza mu 2006. Anthu amalipira ndege kuchokera ku London ndi Johannesburg kudzaona phiri limeneli. Ife lili pakhomo pathu, makilomita pafupifupi 70 okha kuchokera ku Limbe.

[Nyimbo pang'ono]

MUULUTSI: Ulendo wa m'phiri umayamba dzulo lake. Madzulo amenewo longedzeranitu chikwama chobereka kumsana, kuti manja onse akhale opanda kanthu, popeza pali malo ena pamene mudzakwawa mogwira miyala. Muikemo botolo la madzi la malita awiri, kamba wokwanira monga mbatata yophika, chinangwa, mtedza, nthochi kapena zigumu, tochi, ndi jumbo yoti mudzatayiremo zinyalala zanu. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, musawasiye. Nsapato zikhale zomanga ndi zingwe, za mapazi ogwira, ndipo zikhale zoti munaziyendera kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza musanafike n'komwe pakati pa chitunda.

Musaiwale juzi ndi chovala chosalowa madzi, ngakhale kunja kutacha bwino chotani. Chifukwa chake n'chakuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Onjezani mphepo, onjezaninso malaya onyowa ndi thukuta, mupeza kuti amene amadzikupiza ndi kapepala m'tsinde mwa phiri akunjenjemera pamwamba. Chiperoni chija chimatizunza kuno ku Blantyre m'miyezi ya Juni ndi Julaye chinatenga dzina lake ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo chisanatifike ife chimayamba chagunda Mulanje.

Nyengo yabwino yokwera ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula itatha. M'dzinja miyala imaterera, ndipo kamtsinje kamene mwawoloka podumpha m'mawa kakhoza kudzaza masana chifukwa cha mvula imene yagwa kumtunda inu osaiona.

Ife tinanyamuka ku Limbe nthawi ya 5 koloko m'mawa, oitanira minibasi akungoyamba kumene kukuwa. Misewu yopita ku Mulanje ilipo iwiri. Wa Midima ndiwo wachidule, umadutsa pa mphambano ya ku Nguludi ndi pa Nkando. Winawo ndi wa Thyolo, wodzera ku Chigumula, Bvumbwe ndi Luchenza. Langizo langa n'lakuti popita dzerani wa Midima kuti mufike msanga, pobwera mudzadzere wa Thyolo.

Tili pa Midima, kum'mawa kunayamba kufiira. Poyamba ndinkayesa kuti ndi mtambo wakuda umene wadzadza mbali yonse ya kumwamba. Kuwala kutawonjezeka, mtambo uja unasanduka mwala. Phiri la Mulanje silikwera pang'onopang'ono ngati mapiri athu a kuno. Limangoti njo kuchokera m'chigwa, khoma lamwala loongoka, mitambo ili m'chiuno mwake, nsonga zili pamwamba pa mitamboyo. Mayi wina amene anakhala pafupi nane, wobadwira ndi kukulira ku Ndirande, anangoti kukamwa yasa. Zaka zonsezi ankaliona patali ngati chithunzithunzi, koma kuliyandikira kunali koyamba.

Akatswiri a miyala amati thanthwe limeneli linapangika pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Miyala yofewa imene inalikuta inaperesedwa ndi mvula ndi mphepo, mwala wolimbawo n'kutsala uli chilili. Nsonga yake yaitali, Sapitwa, ndi mamita 3,002 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Kuti mumvetse bwino, phiri la Ndirande, limene ndi lalitali mwa mapiri ozungulira mzinda wathu, limangopitirira pang'ono mamita 1,600.

[Nyimbo pang'ono]

MUULUTSI: Mukafika pa Chitakale mumakhotera ku msewu wa ku Phalombe, ndipo pakatha makilomita 10 kapena kuposerapo pang'ono mwafika pa Likhubula. Amene mwayenda pa minibasi, pa Chitakale mupeza njinga zamoto za kabaza. Pa Likhubula pali ofesi ya zankhalango. Lembetsani maina anu, nenani njira imene mudzere ndi nthawi imene mukuyembekeza kutsika, ndipo tengani woperekeza. Gwirizanani mtengo musanayambe kuyenda, kuti pobwera pasakhale kukokanakokana.

Pa nkhani ya woperekezayi ndiimapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ife a m'tauni timalakwitsa. Timati ndine Mmalawi, phiri ndi lathu, ndilipirenji munthu wondisonyeza njira? Abale anga, safunsa anadya phula. Chifunga cha m'phiri la Mulanje chimatsika mofulumira moti m'kanthawi kochepa mnzako amene ali patsogolo sumuonanso. Njira zambiri zimadutsa pa thanthwe losalala pamene sipaoneka phazi la munthu. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anamusiya womuperekeza n'kupitirira yekha kulowera ku Sapitwa, ndipo mtembo wake unapezeka patatha masabata akumufunafuna. Kuyenda awiri si mantha. Komanso ndalama imene mwapatsa woperekeza imakagula ufa ndi makope m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, ndipo mnyamata amene akudya za alendo alibe chifukwa chokwerera phiri ndi nkhwangwa.

Ulendo wa tsiku limodzi uli pawiri. Amene muli ndi ana kapena achikulire, pitani ku Dziwe la Nkhalamba, ulendo wa ola limodzi ndi kanthu kuchokera pa ofesi. Amene mukudzimva mphamvu mukhoza kukwera mpaka ku chidikha cha Chambe podzera njira ya Skyline, n'kutsika podzera njira ya Chapaluka. Kukwera kokha kumatenga maola atatu kapena anayi. Za Sapitwa musaziganizire pa tsiku limodzi. Kumeneko n'kogonera m'nyumba za alendo za pamwamba, monga ya Chisepo.

Ife tinasankha Chambe. Theka la ola loyamba aliyense anali ndi nkhani, ena akuyimba, ena akujambula ndi mafoni. Litatha ola, phokoso lonse linatha, kunangotsala wefuwefu. Mawondo anayamba kulemera, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Wotiperekeza, mnyamata wa m'mudzi wa pafupi pomwepo, anatilangiza kuti tiziponda mapazi afupiafupi, tizimwa madzi pang'onopang'ono tisanamve ludzu, ndipo gulu lonse liziyenda pa liwiro la munthu wotsalira. Popuma anatiletsa kukhala pansi nthawi yaitali, chifukwa miyendo ikazizira imakana kudzukanso.

Tili pa mpumulo wina, tinamva mapazi akutsika mothamanga. Tinapatuka. Anadutsa bambo wina atasenza matabwa aatali pamutu, pa nkhata ya sanza, kuphazi kulibe nsapato, thukuta lili kamukamu. Anatipatsa moni osaima, chifukwa ndi katundu wotere munthu akaima pa chitsetse amagwa. Tinamuyang'ana mpaka anazimiririka. Mumtima mwanga munabwera zinthu ziwiri nthawi imodzi: chisoni poona mmene umphawi umamuvutitsira munthu, ndi mantha poganiza kuti thabwa lililonse lotsika njira imeneyi ndi mtengo umene wachoka pa gwero la madzi.

[Nyimbo pang'ono]

MUULUTSI: Tinafika pamwamba dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Omvera, amene simunafikeko simungaganize kuti pamwamba pa khoma lija pali dziko lina. Pali chidikha chotakasuka, udzu waufupi, maluwa a m'miyala, timitsinje ta madzi oyera moti mchenga wapansi umaoneka mbee. Makungubwe a khosi loyera amauluka pafupi kudikira nyenyeswa. Chapomwepo paima nsonga ya Chambe, yotalika mamita oposa 2,500, imene khoma lake la kumadzulo limatchuka pakati pa akatswiri okwera miyala ndi zingwe. Mukatembenuka mumaona minda ya tiyi ili ngati mphasa yobiriwira, ndipo kukakhala kopanda fumbi mumaona mpaka mapiri a kwathu kuno.

Ndinagwada pa kamtsinje kena n'kutunga madzi ndi manja. Anali ozizira mpaka kuwawa m'mano. Apa ndi pamene ndinamvetsa ntchito ya phirili. Mphepo yonyowa yochokera ku nyanja ya Indian ikagunda khoma limeneli imakwera, imazizira, n'kugwetsa mvula. Udzu, ndere ndi mizu ya mitengo zimagwira madziwo ngati thonje, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mmenemo ndi mmene mumabadwira Likhubula, Lichenya, Thuchila, Ruo, Muloza, Phalombe ndi Sombani. Ruo amakathira mu Shire ku Chiromo, pamene Phalombe amalowera ku nyanja ya Chilwa. Tiyi wa ku Mulanje, nanazi zimene timagula m'mbali mwa msewu, ndi mpopi uja wa ku Bangwe, zonsezi zimadalira thonje limeneli. Mukalitentha kapena kulidula, mvula imathamanga tsiku limodzi, chilimwe mitsinje n'kuphwa.

Kenako wotiperekeza anatitengera pa chitsa china chachikulu, chotuwa ndi ukalamba, choti anthu awiri sakanatha kuchikumbatira. Anapala pang'ono ndi mwala n'kutiuza kuti tinunkhize. Fungo lake linali lokoma, lamphamvu, ngati mtengowo wadulidwa dzulo. Umenewu ndiye mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri lino. Mu 1984 Dr Hastings Kamuzu Banda anaulengeza kuti ndi mtengo wa fuko lathu. Thabwa lake silifumbwa ndi chiswe ndipo siliwola msanga, n'chifukwa chake linkafunidwa pa madenga, zitseko ndi mabwato. Ubwino wake womwewo ndi umene unauphetsa. Macheka, moto wolusa, nsabwe za m'mitengo ndi paini wobwera amene anafalikira m'malo mwake zinaumaliza, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala.

Komabe nkhani ya mkungudza sinathere pa chitsa. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango ndi magulu a m'midzi yozungulira, lakhala likufesa mbande m'manazale n'kuzibzala m'phiri zikwizikwi. Tinaziona zina, zofika m'chiuno, masamba ake ofewa. Mkungudza umakula mochedwa, ndipo amene akubzala lero sadzacheka thabwa lake. Mdani wamkulu wa mbandezi ndi moto. Choncho inu okwera phiri, chitsa cha fodya kapena moto wootchera chimanga umene mwausiya usanazime ukhoza kupsereza ntchito ya zaka khumi madzulo amodzi.

Phiri ili silinalembedwe ku UNESCO chifukwa cha mitengo ndi miyala. Linalembedwa chifukwa cha chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalilemekeza ngati mokhala mizimu ya makolo. Dzina loti Sapitwa likunena lokha: kumalo kosapitidwa. Akuluakulu amasimba za Abathwa, anthu aafupi aja otchedwa Amwandionerapati, amene ankakhala m'mapiri makolo athu asanafike. Amasimbanso kuti ukapeza chakudya chokonzakonza m'phiri, udye wekha mwakachetechete osaitana mnzako. Kaya inu mumapemphera kuti, mukafika kumeneko lemekezani. Musakuwe mwachipongwe, musalembe maina anu pa miyala, musathyole maluwa. Malamulo a makolowa ndi amene anasunga nkhalangoyi kalekale kusanabwere alonda a boma.

[Nyimbo pang'ono]

MUULUTSI: Itakwana 1 koloko wotiperekeza anati tizitsika. Ena anadandaula kuti dzuwa likadalipo. Iye analoza kum'mwera, kumene kamtambo koyera kanayamba kukwawa pakati pa nsonga ziwiri. Tisanamalize kumanga zikwama, nsonga ya Chambe inali itabisika, mphepo yozizira ikutiwomba, aliyense akufunafuna juzi yake. Lamulo lake ndi limeneli: pangani nthawi yobwerera musanayambe kukwera, ndipo ikakwana bwererani, kaya mwafika kumene mumafuna kaya simunafike. M'miyezi yozizira mdima umagwa isanakwane 6 koloko.

Dziwaninso kuti ngozi zambiri zimachitika potsika, miyendo itatopa, mtima uli kale kunyumba. Tsikani chammbali pa malo otsetsereka, gwiritsani ndodo, ndipo musathamange. Othamanga alipo, koma ndi aja a mpikisano wa Porters Race umene umachitika chaka ndi chaka kuyambira pa Likhubula pomwepo. Iwo amazungulira makilomita oposa 20 m'maola ochepa chabe chifukwa anakulira m'njira zimenezi.

Njira ya Chapaluka inatifikitsa pa Dziwe la Nkhalamba. Madzi amagwa kuchokera pa thanthwe n'kuthira m'dziwe lakuya, lobiriwira, lozunguliridwa ndi miyala yosalala. Tinavula nsapato n'kuviika mapazi otupa aja, kutopa konse kunachita ngati kwatsika ndi madzi. Koma pano pamafunika kusamala kwambiri. Dziweli ndi lakuya, madzi ake ndi ozizira moti amaumitsa minofu, ndipo lamizapo anthu, ena mwa iwo achinyamata obwera pa maulendo a sukulu ndi a mipingo. Ngati simudziwa kusambira, khalani m'mphepete. Musadumphe kuchokera pa miyala, mowa usayandikire pamenepa, ndipo aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu, werengani ana anu pofika ndi pochoka.

Pobwerera tinadzera msewu wa Thyolo, dzuwa likulowa pa minda ya tiyi. Tinagula nanazi ku Mulanje, pa Bvumbwe n'kuonjezera masamba ndi tomato. Titadutsa Chigumula, magetsi a mumzinda anayamba kuoneka, ndipo kutsogolo kwathu kunaima mapiri athu: Bangwe, Mpingwe, Soche, Ndirande. Ndinawayang'ana ndi maso ena. Akuluakulu a mumzinda uno akukumbukira Ndirande ali ndi nkhalango yowirira. Lero ndi mwala ndi minda. Michiru, amene anatetezedwa kwa zaka zambiri, nayenso waona nkhwangwa ndi mauvuni a makala m'zaka zapitazi.

Zotsatira zake tinaziona ndi maso athu. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula kwa masiku angapo, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi inakokoloka, monga zinachitikiranso ku Phalombe mu 1991, pa ngozi ija makolo amati Napolo. Mvula yochuluka chotero ikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo, koma phiri lometedwa limagonja msanga, ndipo nyumba zomangidwa m'njira ya madzi ndizo zimayamba kupita. Madzi saiwala khwawa. Tinalira abale athu mazanamazana, ndipo ambiri mwa inu amene mukumvera munataya wina.

N'chifukwa chake ndikuti kukwera phiri si masewera a azungu kapena a anthu opeza bwino. Ndi sukulu. Munthu amene watunga madzi ndi manja pa gwero la Likhubula, amene wanunkhiza chitsa cha mkungudza, akamagula thumba la makala amayamba waganiza kawiri. Ngati ndalama ya ku Mulanje palibe, yambirani pafupi. Michiru ali pa mphuno pathu, ndipo a ku Chilomoni mukuidziwa Njira ya Mtanda imene imakwera phirilo. Pitani pagulu, nenani kunyumba kumene mwalowera, ndipo bwererani kukadali kowala.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi, atsogoleri a achinyamata m'mipingo ndi m'mizikiti, magulu a banki m'khonde ndi makolo nonse. Chaka chino chisanathe, sankhani Loweruka limodzi, sonkhani ya galimoto, mutengere ana ku phiri. Tengani woperekeza, mulipireni mokwanira, zinyalala zanu mutsike nazo, moto musayatse. Mvula ikadzayamba, bzalani mtengo pa phiri limene lili kuseri kwa nyumba yanu, ndipo muusamalire mpaka ukule.

  

[Nyimbo yotsekera]